MBIRI YA HERMANN LEHMANN, SING'ANGA WOSANTHULA MWAZI WA ANTHU

Ife amene tiyenda m'midzi ya kuno ku Machinga ndi ku Balaka, kuyambira ku madambo a nyanja ya Chilwa kufikira tsidya lija la Shire ku Ulongwe ndi ku Utale, takomana kawirikawiri ndi nthenda ina ya ana imene ithetsa nzeru ngakhale akulu a m'mudzi. Mwana abadwa wosalala, nayamwa bwino, nakula monga anzache. Koma atatha miyezi 6 kapena kuposerapo, manja ache ndi mapazi ache ayamba kutupa, ndipo alira usiku wonse wosatonthola. Akakula pang'ono, zikhato zache ziyera, maso ache asanduka achikasu, kapamba katupa. Ndipo pakudza mphepo ya mu June, kapena akanyowa ndi mvula, mafupa amuwawa monga ngati munthu alikuwaphwanya ndi mwala. Ambiri a ana otere safika msinkhu wa kupita ku sukulu.

Pa maliro a ana otere tamva manong'onong'o ambiri. Ena ayesa kuti ndi tsempho, nayang'ana atate ndi amai a mwanayo ndi diso loipa. Ena ayesa ufiti, natchula nkhalamba ina ya pamudzi yopanda mlandu. Abale a mwamuna anena kuti mbumba imene anakwatirako iri ndi mwazi woipa, a kuchikazi nawonso aloza mkamwini. Tsono mwana wachiwiri akadwala monga woyamba uja, banja lipasuka, ndipo mbuzi ndi nkhuku zithera kwa oombeza ula.

Chifukwa chache mwezi uno tifuna kukusimbirani mbiri ya munthu mmodzi amene anathera moyo wache pa kusanthula mwazi wa anthu, iye pamodzi ndi anzache ambiri a m'maiko osiyanasiyana. Dzina lache ndiye Hermann Lehmann. Dzinali silidziwika m'midzi mwathu, koma nzeru imene iye ndi anzachewo anaisonkhanitsa ikhoza kuthetsa milandu yambiri ya pa maliro, ndi kusunga moyo wa ana athu.

UBWANA WACHE NDI KUTHAWA KWACHE

Hermann Lehmann anabadwa pa 8 July 1910 m'mudzi waukulu wa Halle, m'dziko la Germany, m'banja la Ayuda. Chaka chomwecho, kutali ku Chicago m'dziko la America, dotolo wina dzina lache James Herrick analemba kwa nthawi yoyamba za mwazi wachilendo umene unaoneka mwa mnyamata wakuda wochokera ku chisumbu cha Grenada, ndiyo nthenda yomwe ija tainena pamwambapa. Chotero nthendayo inalowa m'mabuku a asing'anga chaka chimodzi ndi kubadwa kwa munthu amene anadzaitsata moyo wache wonse.

Mnyamata Hermann anaphunzira sukulu ku Dresden, ndipo atakula analowa maphunziro a udotolo m'sukulu zazikulu za dziko lakwao, kufikira ku Heidelberg. Koma ali pafupi kutsiriza, mu 1933, Adolf Hitler analowa ufumu wa Germany, ndipo boma lache linayamba kutsekera Ayuda makomo onse a maphunziro ndi a nchito. Lehmann anaoloka malire kunka ku Basel, m'dziko la Switzerland, natsiriza komweko mayeso ache a udotolo mu 1934. Pokhala mlendo sanaloledwe kuchiritsa anthu kumeneko. Tsono anabwerera ku Heidelberg, nagwira nchito m'nyumba yosanthuliramo ya Otto Meyerhof, katswiri wodziwa m'mene minofu ya thupi ipezera mphamvu, amene analandira mphotho ya Nobel ya chaka cha 1922.

Mu 1935 boma la Hitler linaika malamulo a ku Nuremberg, onena kuti mwazi wa Ajeremani ndi wopambana, ndi kuti usasanganizike ndi mwazi wa Ayuda. Taonani, abale, kuti mau awa a mwazi woipa sanayambe m'midzi mwathu mokha: mtundu wophunzira kwambiri wa ku Ulaya unawalemba m'buku la malamulo, ndipo chimaliziro chache chinali kuphedwa kwa Ayuda okwana ngati 6 miliyoni. Lehmann anapulumuka pakuti mu 1936 anathawira ku Cambridge, m'dziko la England, kumene Frederick Gowland Hopkins, nkhalamba yanzeru imene inathandiza kuvumbula za mavitamini, inamlandira m'nyumba yache yosanthuliramo. Ngakhale kumeneko mavuto anamtsata. Mu 1940, nkhondo yaikulu itakula, boma la Britain linatsekera m'misasa anthu obadwira ku Germany, othawa omwe, ndipo Lehmann anakhala miyezi ingapo m'msasa pafupi ndi Liverpool. Kwao anampitikitsa monga Myuda, ndipo kuchilendo anamtsekera monga Mjeremani.

Atamasulidwa, analowa m'gulu la madotolo a asilikari a Britain mu 1943, natumidwa ku India. Kumeneko anapeza asilikari ambiri a Chimwenye ofooka ndi kuchepa kwa mwazi, ndipo posanthula anaona kuti ambiri a iwo anali ndi njoka zazing'ono za m'matumbo, zija zilowera ku mapazi a munthu woyenda wopanda nsapato, zimene ziyamwa mwazi ndi kutha chitsulo cha m'thupi. Kuyambira pamenepo mtima wache unakhazikika pa mwazi.

KU UGANDA

Mu 1947 anafika ku Africa, ku sukulu yaikulu ya Makerere m'mudzi wa Kampala ku Uganda, kudzasanthula kuchepa kwa mwazi pakati pa anthu akuda. Kuti timve chimene anapeza, tiyenera kuyamba tadziwa m'mene mwazi ukhalira.

M'dontho limodzi la mwazi muli tinthu tofiira mamiliyoni ambiri, tosaoneka ndi maso koma ndi galasi lokuza zinthu. Asing'anga atitcha maselo ofiira. Selo lirilonse ndi lozungulira ndi lofewa, kotero kuti lipinda ndi kupyola m'timitsempha topapatiza koposa tsitsi. M'kati mwache muli chinthu chofiira chotchedwa hemogulobini, ndipo nchito yache ndiyo kusenza mpweya wabwino kuchokera m'mapapo kunka nao ku ziwalo zonse. Selo labwino likhala masiku ngati 120. Koma mwa mwana wa nthenda ija, mpweya ukachepa maselo auma napindika, naoneka ngati zenga lomwetera udzu kapena mwezi wongokhala kumene. Maselo opindikawo akodwa m'timitsempha monga zinyalala zitseka ngalande ya m'dimba, ndipo pamene atsekapo ndi pamene pabuka ululu. Ndiponso safika masiku 120 ai, koma afa atatha masiku 10 kapena 20, ndicho chifukwa chache mwazi wa mwanayo uchepa masiku onse. Nthendayi a chipatala aitcha sikoselo, ndiko kunena maselo a zenga.

Ku Kampala Lehmann anapeza bwenzi la nchito, dotolo wa boma dzina lache Alan Raper. Awiriwa anayesa mwazi wa anthu ngati 5,000 a mitundu yambiri ya m'Uganda, nalemba zopeza zao mu 1949. Anaona kuti anthu ambiri amphamvu, osadwala konse, anali ndi maselo amene apindika akawamana mpweya pa galasi. Mwa mitundu ina ya abusa a ng'ombe anthu otere anali owerengeka; koma mwa Abaamba, okhala m'chigwa chotentha kunsi kwa mapiri a Ruwenzori, anali ngati 45 mwa anthu 100 alionse. Apa panabuka mafunso awiri. Loyamba: nanga bwanji ena ali nacho chizindikiro ichi koma osadwala, pamene ena afa nacho ali akhanda? Lachiwiri: nanga bwanji chichuluka m'dziko lina ndi kusowa m'dziko linzache?

MBEU ZIWIRI

Funso loyamba linayankhidwa chaka chomwecho cha 1949, ndi anthu awiri osagwirira nchito pamodzi. Wina anali James Neel wa ku Michigan m'America. Winayo anali mnansi wathu, E. A. Beet, dotolo wa boma m'dziko la Northern Rhodesia, limene lero ndi Zambia, amene anatsata mibadwo ya mabanja a mtundu wa Alala. Onse awiri anapeza kuti nthendayi itsata lamulo lija anaona Gregor Mendel, wansembe wa ku Brno, pobzala nsawawa m'munda wache ndi kulemba zache mu 1866.

Lamulolo ndi ili. Pa chinthu chirichonse cha m'thupi, munthu alandira mbeu ziwiri za chibadwa, ina kwa atate wache, ina kwa amai wache. Ophunzira azitcha majini, koma musazisokoneze ndi majini aja aopedwa kuno monga mizimu. Ife tizitcha mbeu za chibadwa basi. Munthu amene walandira mbeu imodzi ya zenga ndi imodzi yabwino sadwala nthendayi. Alima, asenza katundu, nakalamba monga anzache, wosadziwa kanthu. Koma iye amene walandira mbeu za zenga ziwiri, ndiye adwala.

Tiyerekeze kuti mwamuna wafumbata mbeu ziwiri m'dzanja, yoyera ndi yofiira, mkazinso chimodzimodzi, ndipo pa mimba iriyonse yense aponya mbeu imodzi m'phando wosayang'ana. Nthawi zina zigwamo zoyera zokhazokha, ndipo mwanayo alibe kanthu. Nthawi zina igwamo yoyera ndi yofiira, ndipo mwanayo ndi wosenza chabe monga akumbala. Koma kamodzi pa kanai zigwamo zofiira ziwiri, ndipo mwanayo adwala. Maere awa achitika mwatsopano pa mimba iriyonse. Chotero banja lina likhoza kubala ana 6 popanda wodwala, ndi banja lina kubala odwala awiri otsatana. Tigwiritse ichi: palibe mwana adwala nthendayi chifukwa cha amai ache okha, kapena atate ache okha. Mbali zonse ziwiri zaponyamo, ndipo zonse ziwiri zinachita chosadziwa.

Chaka chomwechonso Linus Pauling ndi anzache ku California anaonetsa kuti chilema chiri mwa hemogulobini mwini. Ndipo mu 1956 ndi 1957 Vernon Ingram ku Cambridge anapeza malo ache enieni. Hemogulobini aluka ngati mikanda pa chingwe, ndipo pa chingwe china cha mikanda 146, mkanda umodzi wokha, wa nambala 6, ndiwo wasinthika. Zowawa zonse zija zichokera pa mkanda umodzi umenewo.

SI NTHENDA YA MTUNDU UMODZI

Masiku amenewo ophunzira ambiri a ku Ulaya ndi ku America anayesa kuti maselo a zenga ndi chizindikiro cha anthu akuda okha. Lehmann, amene anadziwa bwino kuwawa kwa kusalidwa chifukwa cha mwazi, anapita kukayesa kwina. Anabwerera ku India pamodzi ndi mai wina wodziwa za magulu a mwazi, Marie Cutbush, ndipo mu 1952 analengeza kuti apeza mbeu ya zenga pakati pa mitundu ya anthu okhala ku mapiri a Nilgiri, kumwera kwa dzikolo. Inapezekanso ku Greece, ku Italy, ku Turkey ndi ku Arabia. Ganizo lija lakuti ndi chilema cha mtundu umodzi linagwa.

Tisabise kuti pa chinthu china Lehmann anaphonya. Iye anayesa kuti mbeuyi inayambira kum'mawa ndi kulowa m'Africa pamodzi ndi anthu osamuka kalekale. Koma amene anadza pambuyo pache, okhala ndi zipangizo zowerengera mbeu za chibadwa zenizenizo, sanapeze umboni wa ulendo wotere. Wofufuza njira m'thengo asokera pena, koma mkwaso umene waswa ndiwo uthandiza om'tsata kupeza njira yoona.

Funso lachiwiri linali lovuta koposa. Mlimi aliyense adziwa kuti mbeu imene siibzalidwanso itha. Ngati ana a mbeu ziwiri afa asanabale, mbeu ya zenga ikadayenera kuchepa mbadwo ndi mbadwo kufikira kuzimirira. Nanga chiisunga nchiani? Beet uja, akali ku Balovale kumene lero kutchedwa Zambezi, anaona mu 1946 kuti osenza mbeuyi sapezeka ndi tizilombo ta malungo kawirikawiri monga anzao. Koma amene anatsimikiza ndiye Anthony Allison, mnyamata wokulira ku Kenya, amene mu 1954 anaonetsa kuti mbeu ya zenga ichuluka kumene malungo achuluka, monga m'mbali mwa nyanja ya Victoria ndi ku gombe la nyanja ya mchere, nisowa ku mapiri ozizira kopanda udzudzu. Ndi kuti mbeu imodzi itchinjiriza mwana ku malungo akupha.

Ambiri anakayika poyamba. Raper anayesa ana ambiri ku Kampala, napeza mu 1955 kuti nzoona. Pamenepo iye ndi Lehmann anabwerera kwa Abaamba, nafunafuna pakati pa akulu munthu wa mbeu ziwiri, koma sanampeze; ndipo mu 1956 analemba kuti ana otere alikufa ali ang'ono, koma mbeuyo siichepa, pakuti malungo alikupha ana ambiri opanda mbeuyo ndi kusiya osenza imodzi. Lero kwadziwika kuti mbeu imodzi ichepetsa ngozi ya malungo akulu ndi magawo ngati 9 mwa magawo 10.

Tsono chimene anthu achitcha mwazi woipa ndicho chikopa chimene chinapulumutsa makolo athu m'zigwa za udzudzu. Mbumba imene iri nayo mbeuyi siyotembereredwa. Ndi mbumba imene agogo ache anapyola m'malungo nakhala ndi moyo. Chikopacho chilemera pokha pokha pamene mwana wachilandira kawiri.

MANJA AMBIRI

Kuyambira 1951 Lehmann anagwira nchito pa chipatala chakale cha St Bartholomew's ku London. Kumeneko iye ndi anzache anavumbulanso chinthu china cha chibadwa: anthu ena akapatsidwa mankhwala ofewetsa minofu pa opaleshoni achedwa kwambiri kuyambanso kupuma, ndipo anapeza kuti kufooka kumeneku kuyenda m'mabanja. Ichi chinathandiza kuyambitsa nzeru ya masiku ano yakuti mankhwala amodzi sagwira mofanana mwa anthu onse.

Koma nchito yache yaikulu inali ya hemogulobini. Madotolo a m'zipatala zakutali, akaona mwazi wowazunguza mutu, anali kuutumiza kwa iye m'timabotolo. Iye nausanthula, nayankha kalata, ndipo polemba zopezazo anaika dzina la wotumizayo pamodzi ndi lache. Mwa njira imeneyi dotolo wa kuthengo, wopanda zipangizo, anakhala mnzache wa katswiri wa ku London. Akulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la nzeru iyi linasenzedwa ndi mitu ya m'maiko ambiri.

Mmodzi wa abwenzi amenewa anali George Edington, dotolo wa ku Accra m'dziko la Gold Coast, limene lero ndi Ghana. Mu 1955 awiriwa analemba za anthu akulu amene mwazi wao unaoneka ngati wa nthenda ya zenga, koma iwo anali amphamvu ndithu. Chinsinsi chache chinali ichi. Mwana ali m'mimba ali ndi hemogulobini wa mtundu wina, wa ukhanda, amene sapindika. Ndipo ameneyu achepa pang'onopang'ono mwana atabadwa. Ndicho chifukwa chache khanda lioneka bwino miyezi yoyamba, ndi kuyamba kutupa manja pambuyo. Koma anthu aja a ku Accra matupi ao sanaleke kupanga hemogulobini wa ukhanda, ndipo iye ndiye anawatchinjiriza. Sungani mfundo iyi, pakuti tidzaionanso.

Mu 1963 Lehmann anabwerera ku Cambridge, ku chipatala cha Addenbrooke's, natsogolera gulu losanthula mitundu yachilendo ya hemogulobini. Mu 1967 anakhala pulofesa. Mitundu yatsopano inachuluka kufikira malemba a alifabeti anaperewera, ndipo anayamba kuitcha maina a malo kumene inapezeka. Mu 1969 iye ndi anzache awiri, Barclay ndi Charlesworth, analengeza mtundu wina umene anaupeza mwa anansi athu, nautcha hemogulobini Zambia. Pa moyo wache wonse iye ndi om'thandiza anafotokoza mitundu ngati 75. Pamodzi ndi Richard Huntsman analemba buku lotchedwa Man's Haemoglobins, limene linatuluka mu 1966, nilikhala mphunzitsi wa madotolo ambiri.

Ku Cambridge komweko kunali Max Perutz, wochokera ku Vienna, amenenso anatsekeredwa m'misasa mu 1940 monga mlendo wokayikitsa. Perutz anatha zaka zoposa 20 kufufuza maumbidwe a hemogulobini, nalandira mphotho ya Nobel mu 1962. Iye anadziwa mamangidwe a nyumba, Lehmann anadziwa ming'alu yache. Ndipo mu 1968 anaphatikiza nzeru zao, naonetsa chifukwa chache kusinthika kwa mkanda wina kudwalitsa munthu pamene kusinthika kwa mkanda unzache sikuchita kanthu. Zoonadi mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa: amuna awiri amene maiko a kwao anawataya ndiwo anaphunzitsa dziko lonse za mwazi.

Mu 1972 Lehmann anasankhidwa kulowa m'bungwe la akatswiri la Royal Society. Anapuma pa upulofesa mu 1977, namwalira ku Cambridge pa 13 July 1985, atangokwanitsa zaka 75.

ZIPATSO ZACHE KWA IFE

Chaka ndi chaka ana oposa 300,000 abadwa ndi nthendayi pa dziko lapansi, ndipo ochuluka a iwo abadwira m'Africa. M'Malawi muno, pa kafukufuku wa zakudya ndi mwazi wa ana amene anachitika mu 2015 ndi 2016, kunapezeka kuti ana ang'ono ngati 9 mwa 100 asenza mbeu imodzi ya zenga. Ndiko kunena kuti pa msonkhano uliwonse wa pamudzi, pa msika wa Ntaja kapena wa Balaka, pali osenza ena, ndipo mwina ife olemba mau ano tiri mwa iwo.

Mfundo ija ya ku Accra inabala chipatso. Asing'anga anafunafuna mankhwala okhoza kudzutsanso hemogulobini wa ukhanda, ndipo anawapeza, otchedwa hydroxyurea. Mu 1995 kunatsimikizika ku America kuti achepetsa nthawi za ululu. Ndipo mu 2019 kunalengezedwa kuti atayesedwa pa ana oposa 600 ku Angola, ku Congo, ku Kenya ndi ku Uganda, anachepetsa ululu, malungo, kuikidwa mwazi ndi imfa zomwe. Ku maiko kumene ana ayesedwa mwazi atangobadwa ndi kusamalidwa kuyambira ukhanda, ambirimbiri a iwo akula, naphunzira, nakhala ndi mabanja ao.

Tsono tikupemphani zinthu izi, inu amai ndi abambo, ndi inu eni mbumba.

Mwana akatupa manja ndi mapazi asanathe chaka, kapena akachepa mwazi kawirikawiri, kapena maso ache akakhala achikasu, musataye masiku ndi kufunsa ula. Pitani naye ku chipatala, monga cha boma ku Liwonde kapena ku Balaka, ndipo mufunse ngati kuli koyenera kuyesa mwazi wache za sikoselo. A chipatala adziwa kumene angakutumizeni, monga ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Pitani nonse awiri, mwamuna ndi mkazi, pakuti nkhaniyi ndi ya nonse.

Mwana akapezeka nayo, mpatseni madzi akumwa ambiri, mumfunditse pa nyengo yozizira, ndipo asasambe madzi ozizira a kumtsinje m'mamawa. Mankhwala amene apatsidwa, monga penisilini wotchinjiriza ku matenda ndi mapiritsi othandiza mwazi, amwe monga mwauzidwa, ngakhale masiku amene aoneka bwino. Alandire katemera yense. Thupi lache likatentha, kapena akayera mwadzidzidzi ndi kulefuka, ulendo wa ku chipatala ukhale wa tsiku lomwelo, usiku kapena usana. Ndipo pa nthawi ya ululu musamuyese waulesi kapena wonama. Ululuwo ndi woona.

Za malungo tichenjere. Chikopa chija chiri kwa wosenza mbeu imodzi yekha, ndipo ngakhale iye akhoza kudwala malungo. Koma kwa mwana wa mbeu ziwiri malungo ndiwo mdani woopsa koposa. Dziko lathu lino la m'mbali mwa Shire, la Chilwa, Chiuta ndi Malombe, ndi la udzudzu. Nchifukwa chache Machinga ndi Balaka anali mwa maboma 11 amene anayamba kupereka katemera wa malungo kwa ana mu 2019. Ana onse agone m'masikito usiku uliwonse.

Anyamata ndi anamwali ofuna kumanga banja, makamaka a m'mabanja mmene nthendayi inaonekamo, achita bwino kufunsa za kuyesa mwazi asanalonjezane, ndipo ankhoswe awathandize m'menemo. Kudziwa sikuwakakamiza kulekana, koma kuwapatsa kusankha ndi maso openya, ndi kukonzekera kusamala mwana kuyambira tsiku loyamba.

Chotsiriza ndi ichi. Hermann Lehmann anachotsedwa m'dziko la kubadwa kwache ndi anthu onena kuti mwazi wache ngwoipa. Iye anatenga mwazi wa Abaamba, wa Amwenye, wa anthu a ku Ghana ndi a ku Zambia, ndi wa Azungu omwe, nauyang'ana ndi chipiriro zaka ngati 40. Ndipo m'mitundu yonse anapezamo zosinthika, palibe mtundu umene unapezeka wopanda zache. Chotero pamene tidzasonkhananso pa nyumba imene muli mwana wodwala nthendayi, pasakhale wina woloza mpongozi, kapena mkamwini, kapena nkhalamba ya kuseri kwa mudzi. M'malo mwache wina abwereke njinga, wina atunge madzi, wina atsale ndi ana enawo, kuti atate ndi amai anyamule mwana wao kunka naye ku chipatala dzuwa lisanakwere.